PostgreSQL yakana kudzuka koma systemctl ikuti ili bwinobwino

Nachisale 07:41
Mwadzuka bwanji nonse. Ndikupempha thandizo mwachangu. Seva ya kuntchito kwathu ndi Ubuntu 22.04, ili ndi DHIS2 (pulogalamu yosungira malipoti a zaumoyo) ya bungwe lathu, ndipo database yake ndi PostgreSQL 14. Usiku magetsi anazima ndipo jenereta inachedwa kuyaka. M'mawa uno tsamba likungozungulira, log ya Tomcat (imene imayendetsa DHIS2) ikudandaula kuti 5432, port ya database, sikuyankha. Chondizunguza mutu n'choti ndikalemba `systemctl status postgresql` ikundionetsa `active (exited)` mobiriwira. Amene anaika seva imeneyi anasiya ntchito, ndatsala ndekha, ndipo malipoti a mwezi akufunika lero.

Mphwanga_Sudo 07:43
Ingopangani reboot achemwali, nthawi zambiri zimatheka choncho

Nachisale 07:44
Ndapanga kale, palibe chasintha.

Angozo 07:50
Tadzuka achemwali. Zobiriwirazo zisakunamizeni. Pa Ubuntu ndi Debian, `postgresql.service` si database yeniyeniyo ayi. Ntchito yake ndi kudzutsa ma cluster amene alipo (ma PostgreSQL enieni oikidwa pa seva), ikatero n'kutuluka. N'chifukwa chake ikulemba exited, ndipo ipitiriza kunena kuti active ngakhale database ili chigonere. Yeniyeniyo dzina lake ndi `postgresql@14-main`. Lembani ziwiri izi mutitumizire zomwe zituluke:

`pg_lsclusters`
`pg_isready`

Nachisale 07:53
Yoyamba yalemba mofiira: `14 main 5432 down postgres /var/lib/postgresql/14/main`
Yachiwiri: `/var/run/postgresql:5432 - no response`

Angozo 07:54
Eya, yagonadi. Musaidzutse kaye. Tione chomwe inanena isanagone.

`sudo tail -n 60 /var/log/postgresql/postgresql-14-main.log`

Muzikopera malembawo, osajambula sikirini ndi foni, ena tili ndi maso okalamba. Ngati muli mayina a anthu kapena pasiwedi muchotsemo.

Nachisale 07:59
Mzere uwu wabwerezabwereza kwambiri:
`archive command failed with exit code 1`
`cp: cannot create regular file '/mnt/backup/wal/00000001000000A3000000C1': No such file or directory`

Kenako cha m'ma 01:17 pali uwu:
`PANIC: could not write to file "pg_wal/xlogtemp.2841": No space left on device`

Jere_Mzuzu 08:01
Magetsi anazima nthawi yanji kwanuko?

Nachisale 08:02
Alonda akuti cha m'ma 3 koloko.

Jere_Mzuzu 08:02
Ndiye magetsiwo tawanamizira lero 😂 Database inafa kale kusanade m'nyumba. Diski yadzadza iyo. `df -h` itiuza.

Nachisale 08:05
Zoona, `/` ili pa 100%. Ndapanganso `sudo du -sh /var/lib/postgresql/14/main/*` ndipo `pg_wal` yokha ndi 70G. Foda ya `base` ndi yocheperapo kuposa imeneyo.

Mphwanga_Sudo 08:06
Aaa ndiye zaphweka. Lowani mu pg_wal mufufute akaleakalewo, musiye a dzulo ndi lero. Ndi ma log chabe amenewo

Gogo_Root 08:07
AYI. Nachisale chotsani manja pa kiyibodi kaye.

Gogo_Root 08:16
Pepani ndakuwa, ndimathamangira kuti musadine Enter. Mphwanga, si iwe woyamba kuganiza choncho. Kale foda imeneyi inkatchedwa `pg_xlog`, ndipo inzake inali `pg_clog`. Anthu ambiri ankaona "log" m'dzinamo n'kufufuta kuti apeze malo, database n'kuonongeka. Eni ake a PostgreSQL anachita kusintha mayinawo mu version 10, mu 2017, kukhala `pg_wal` ndi `pg_xact`.

Mmene zimayendera ndi chonchi. Munthu akasunga fomu mu DHIS2, PostgreSQL sithamangira kukalemba m'mafayilo a ma table. Imayamba yalemba mu WAL, mafayilo a mu `pg_wal` aja, kuti ndasintha chakuti, n'kuonetsetsa kuti zafikadi pa diski, kenako n'kuuza munthu uja kuti zasungidwa. Kulemba m'ma table kumachitika pambuyo, ndipo pa checkpoint ndi pamene zonse zimatsimikizika. Zili ngati kabuku ka ngongole ka pa golosale: wogulitsa amalemba mothamanga masana, madzulo ndiye amakopera m'buku lalikulu. Mukang'amba masamba asanakopere, ngongolezo zapita, ndipo choipa kwambiri n'choti simudziwanso kuti tsamba lomwe mwang'ambalo linali lokopera kale kapena ayi. Poyang'ana ndi `ls` simungadziwe fayilo yomwe seva ikuifunabe kuti idzuke.

Tsono chifukwa chomwe afikira 70G chili mu log momwemo. Fayilo iliyonse ya WAL ndi 16MB, ndipo pa makonzedwe a poyamba `max_wal_size` ndi 1GB, ndiye foda imeneyi siyenera kutupa chonchi. Koma amene anaika seva anayatsa archiving, kuti fayilo iliyonse ikadzadza izikoperedwa ku `/mnt/backup/wal`. PostgreSQL sifufuta fayilo yomwe sinakoperedwe. Imangosunga, n'kumayeserabe, mpaka diski kudzadza. Nachisale, `/mnt/backup` ndi chiyani kwanuko?

Nachisale 08:20
Panali external hard drive yolumikizidwa kumbuyo kwa seva. Ndayang'ana palibe, chatsala ndi chingwe chokha. Ndifunse anzanga.

Jere_Mzuzu 08:21
Muwerengenso kuti ndi mafayilo angati akudikira kukoperedwa: `sudo ls /var/lib/postgresql/14/main/pg_wal/archive_status | grep -c ready`

Nachisale 08:31
Apitirira 4,400. Diski yapezeka, inali mu drawer ya ku ofesi ina. Akuti anabwereka mwezi watha kuti akoperemo mavidiyo a maphunziro, ankaona ngati ikungokhala.

NaBanda_Dev 08:32
Ikungokhala 😭😭 Mumatepo pepala lolemba ndi marker wofiira ikabwerera.

Angozo 08:40
Chabwino, ndondomeko yake nayi, musadumphe.

Yambani mwaimitsa Tomcat kuti anthu asakhamukire pa database ikangodzuka.

Kenako pezani malo kwina, kunja kwa foda ya PostgreSQL. `sudo apt clean`, `sudo journalctl --vacuum-size=200M`, ndiyeno `sudo du -xh / --max-depth=2 | sort -h | tail -n 20` kuti muone zazikuluzikulu. Kawirikawiri mupeza ma dump akale (makope a database) kapena `catalina.out` (log ya Tomcat) wonenepa. Mukasowa chochotsa, ngati diski ili ya ext4 imasungira root 5% yomwe postgres sangaigwiritse ntchito. `tune2fs -m 1` pa partition imeneyo imamasula gawo lalikulu la malowo. Koma iyi ikhale njira yomaliza.

Lumikizani diski ija, mupange mount pa `/mnt/backup`, muone ndi `df -h` kuti ili ndi malo opitirira 70G, ndiponso kuti postgres angathe kulembamo: `sudo -u postgres touch /mnt/backup/wal/yesero`, ikatheka mufufute kafayiloko.

Zikatero ndiye dzutsani: `sudo pg_ctlcluster 14 main start`, uku pa windo lina mwatsegula `sudo tail -f` pa log ija.

Mphwanga_Sudo 08:42
Bwanji osagwiritsa pg_ctl? Ine ndinaphunzira imeneyo

Angozo 08:46
`pg_ctl` ndi ya PostgreSQL yeniyeni, imapezeka paliponse, koma pa Ubuntu inabisidwa mu `/usr/lib/postgresql/14/bin` ndipo mafayilo a makonzedwe ali kwina, ku `/etc/postgresql/14/main`. Ukaipatsa `-D` ya foda ya data yokha, ikasaka `postgresql.conf` mmenemo n'kuisowa. Imakananso kuyenda ngati root. `pg_ctlcluster` imadziwa kale malo onsewa, ndipo ukaiyendetsa ndi sudo imadutsira ku systemd. Pa Rocky kapena pa seva yomwe munthu anachita kumanga yekha ndi pamene pg_ctl imagwira ntchito mwachindunji.

Nachisale 09:04
Ndapeza ma dump akale mu /home, ndawasamutsira pa laputopu ndi scp, malo apezeka 9G. Diski ndapanga mount. Ndadzutsa. Log ikuti `database system was not properly shut down; automatic recovery in progress` kenako `redo starts at`. Koma pg_isready ikuti `rejecting connections`. Ndiyambirenso?

Gogo_Root 09:05
Ayi mwanangu, isiyeni. Rejecting ndiye kuti ili moyo, ikuwerenga WAL ija kuti ibwezeretse zomwe zinatsala. Siwerenga 70G yonse, iyambira pa checkpoint yomaliza basi. Mukaizimitsa pano iyambiranso. Kamweni tiyi.

Nachisale 09:08
`database system is ready to accept connections` 🙏🏾🙏🏾 Mulungu akudalitseni nonse

Gogo_Root 09:12
Tisanavine. Lowani: `sudo -u postgres psql`, mulembe

`select archived_count, failed_count, last_archived_time from pg_stat_archiver;`

Ikayankha lembani `\watch 10`. Izibwereza yokha pa masekondi 10 aliwonse mpaka mutadina Ctrl+C. Nambala yoyamba izikwera, yachiwiri iime. Ma ready aja akatha, lembani `checkpoint;` ndiye muone `df -h`. Seva ifufuta yokha zomwe sikuzifunanso.

Jere_Mzuzu 09:17
Ine agogo ndikanadula njira. `alter system set archive_command = '/bin/true';` kenako `select pg_reload_conf();` basi. Seva iziona ngati zakoperedwa, malo abwerera mu mphindi zochepa. Kukopera 70G pa USB anthu akudikira malipoti, n'chiyani chimenecho? Ndiponso ndani akudziwa ngati archive imeneyo ili ndi base backup yake, kope lathunthu la database? WAL wopanda base backup ndi zinyalala.

Gogo_Root 09:24
Funso lanu lomalizalo ndi labwino a Jere, ndipo Nachisale ayang'ane pa diskiyo ngati pali foda yochokera ku `pg_basebackup`. Koma njira yanuyo ndi ya tsiku lomwe diski yasoweratu. Mukataya mafayilo ndi /bin/true, mndandanda waduka, simungabwezeretsenso database kufika pa ola lomwe mukufuna kudutsa pa mpatawo, mpaka mutatenga base backup yatsopano. Lero diski ilipo, ndipo kukoperako sikuletsa anthu kugwira ntchito. Vuto lina la /bin/true ndi loti anthu amaiwala kubwezera. Ndinapezapo seva yomwe eni ake ankanyadira kuti ali ndi archiving, pomwe inkataya zonse mwakachetechete.

Wina asaganizenso zongosiya `archive_command` yopanda kanthu. Ngati `archive_mode` ili on, seva izingounjika WAL podikira kuti muipatse command. Kuzimitsa archive_mode kwenikweniko kumafuna restart, reload siikwana.

Jere_Mzuzu 09:26
Pa za diski ilipo ndavomera. Koma ndikanenabe kuti archiving ya pa USB yomwe aliyense angazule si backup. Bola pg_dump ya usiku uliwonse yotumizidwa kunja kwa ofesi.

NaBanda_Dev 09:29
Zonse ziwiri zili ndi ntchito yake. Pa DHIS2 dump imachepa kwambiri mukasiya ma table a analytics (amene malipoti amachokerako), `pg_dump -Fc -T 'analytics*'`, poti amenewo amapangidwanso. Ndi bandulo ya ofesi zimenezi zimathandiza. Musaiwale `pg_dumpall -g`, apo ayi tsiku lobwezeretsa mudzapeza ma table alipo koma ma user palibe.

Nachisale 10:38
Ndabweranso. Base backup ilipo pa diski, ya miyezi ingapo yapitayo. Ma ready atha, diski yatsika kufika 41%. Ndinayatsa Tomcat, anthu anayamba kulowa, ndinayambitsa analytics. Pano yaimanso, ndipo log ikuti `remaining connection slots are reserved for non-replication superuser connections`. Foni yanga sikupuma.

Mphwanga_Sudo 10:39
Restart? 🙈

Angozo 10:44
Mphwanga iwe ndi restart mudzakwatirana. Ayi. Uthengawo ukutanthauza kuti malo olumikizira atha, koma PostgreSQL imasungira superuser malo atatu pa 100 a poyamba aja, ndiye inu monga postgres mulowabe. Lowani mufunse:

`select state, count(*) from pg_stat_activity group by 1;`

kenako iyi, koma yambani mwalemba `\x` kuti mizere isasokonekere:

`select pid, usename, state, now() - xact_start as nthawi, pg_blocking_pids(pid), left(query, 70) from pg_stat_activity where state <> 'idle' order by nthawi desc;`

Tikufuna amene watsekereza anzake, osati amene akudikira.

Nachisale 10:50
Ambiri ali active koma onse akuloza pid (nambala ya process) imodzi ya analytics, ndipo ya analyticsyo ikuloza 5127. 5127 ili `idle in transaction`, yakhala mphindi zoposa 50, user wake ndi wa mnzathu wa M&E (wolondoloza ntchito ndi malipoti). Query yake ndi select pa table ya analytics.

Angozo 10:56
Ndi ameneyo. Analowa database itadzuka, anatsegula transaction, anawerenga table, n'kuchokapo osaitseka ndi commit kapena rollback. Mwina pa pgAdmin, pulogalamu yoyendetsera PostgreSQL podina mabatani, anazimitsa autocommit. Malinga ngati transaction ili yotsegula, loko wake pa table uja akadalipo. Analytics ikufuna kuchotsa table yakale kuti iike yatsopano, ndiye ikufunika table yonse payokha, yaima pa mzere. Aliyense wobwera pambuyo pake, ngakhale wongofuna kuona dashboard, akuima kumbuyo kwa analytics. Aliyense woimayo wagwira connection imodzi, mpaka 97 kutha.

Muimbireni atseke yekha. Akapanda kuyankha: `select pg_terminate_backend(5127);`. `pg_cancel_backend` pano sithandiza, chifukwa imaimitsa query yomwe ikuyenda, ndipo uyu palibe chomwe akuyendetsa.

Mphwanga_Sudo 10:57
pid tikuidziwa kale, `kill -9 5127` siyachangu?

Gogo_Root 11:03
Yachangu kugwetsa ofesi yonse. Ma process onse a PostgreSQL amagawana shared memory imodzi. Imodzi ikafa mwadzidzidzi ndi -9, process yaikulu singadziwe ngati yasiya memory ili bwino, ndiye imathamangitsa ena onse n'kuyambanso recovery ngati ya m'mawa ija. `pg_terminate_backend` imatumiza SIGTERM, process imabweza transaction yake, imamasula maloko, n'kutuluka mwaulemu. `kill 5127` wopanda -9 amachita chimodzimodzi, koma ukalakwitsa nambala pa shell ukhoza kupha china chake, pomwe function ija imakana pid yomwe si ya PostgreSQL.

Poti tafika pa kuzimitsa, pali njira zitatu. `smart` imadikira aliyense atuluke yekha, ndipo pa seva yokhala ndi Tomcat mudikira mpaka Khirisimasi. `fast` imathamangitsa anthu, imabweza ma transaction osatha, imapanga checkpoint n'kutseka bwino. Kuyambira 9.5 ndi imene pg_ctl imasankha mukapanda kunena. `immediate` imangodula, ndipo podzuka pamafunika recovery. UPS (batire la seva) ikayamba kulira, `sudo systemctl stop postgresql@14-main` ndi yokwana.

Nachisale 11:07
Sakuyankha foni, ali mu msonkhano. Ndapanga terminate, yabweza `t`. Mzere wonse wayenda nthawi yomweyo, analytics ikupitirira.

Kabaza_Coder 11:15
Ndawerenga zonse kuchokera pamwamba. Funso langa, osati mwachipongwe: zonsezi si zomwe pgAdmin imaonetsa pa dashboard? Ma session, maloko, batani loimitsira, zonse zilipo. Bwanji kuvutitsa mwana ndi ma command ataliatali?

NaBanda_Dev 11:19
Pa vuto lachiwirili inde ikanaonetsa. Koma m'mawa muja pgAdmin ikanalumikiza ku chiyani? Database inali pansi. Yankho linali mu log ndi mu `df`, ndipo zimenezo pgAdmin sizifika. Komanso iyo yomwe imatsegula ma connection angapo, pa nthawi yomwe atsala atatu.

Jere_Mzuzu 11:24
Onjezani za netiweki. Ine ma seva ena ndimawaona ndili kumudzi, foni ikuonetsa E. SSH imayenda ngakhale pamenepo chifukwa ndi malemba okha. Ndimatsegula `tmux` ndisanayambe chilichonse chachitali, netiweki ikaduka ndimalowanso n'kulemba `tmux attach`, ntchito ndimaipeza ikupitirira. Ndipo kuti pgAdmin ya pa laputopu ifike pa seva, ambiri amatsegula 5432 ku intaneti yonse mu `pg_hba.conf`. Chimenecho ndiye chimandiopsa. Ngati mukuifunadi, idutsitseni mu SSH: `ssh -L 5433:localhost:5432 dzina@seva` ndiye muilozetse ku localhost 5433.

Kabaza_Coder 11:26
Ya tunnel ndatenga. Koma polemba ma query aatali ine pgAdmin sindiisiya, mundikhululukire.

Angozo 11:27
Palibe akukulanda. Ungokumbuka commit usanapite ku msonkhano.

Nachisale 11:40
Malipoti atuluka. Ndichite chiyani kuti zisadzachitikenso? Ndikweze max_connections?

Angozo 11:52
Malangizo oikira DHIS2 amanena 200, ndiye mukhoza kukweza, koma dziwani kuti lero 200 akanathanso, mochedwerapo chabe. Chomwe chikanakupulumutsani ndi ichi:

`alter system set idle_in_transaction_session_timeout = '15min';`
`alter system set log_lock_waits = on;`
`select pg_reload_conf();`

Choyamba chimadula aliyense wosiya transaction yotsegula osachita kanthu. Ngati mukuopa kuti chikhudza DHIS2 yomwe, ikani pa user wa munthuyo yekha ndi `alter role`. Chachiwiri chimalemba mu log wina akadikira loko kupitirira sekondi imodzi. Ziwirizi reload ndi yokwana. `max_connections` ndi `shared_buffers` zimafuna restart, muchite madzulo anthu ataweruka. Mukakayika kuti chakuti chimafuna chiyani, `select name, context, pending_restart from pg_settings where name = 'max_connections';`. Context ikati postmaster ndiye kuti restart. Dziwaninso kuti `alter system` imalemba mu `postgresql.auto.conf`, ndipo zimenezo zimaposa za mu `postgresql.conf`. Wina akadzasintha fayilo yaikulu n'kudabwa kuti sizikugwira, ayang'ane kumeneko.

Gogo_Root 12:03
Ndipo kuti izipanga mount yokha seva ikamadzuka, diski ija ilowe mu `/etc/fstab` ndi UUID yake, mupeza ndi `blkid`. Muikepo `nofail` kuti seva isakane kudzuka diski ikasowa.

Kenako kascript kakang'ono mu cron, kaziyenda pa mphindi 10 zilizonse, kazifunsa zinthu zitatu. Kodi pg_isready yabweza 0? Imabweza 1 ikamakana anthu, 2 ikapanda kuyankha. Kodi `df` yadutsa 80%? Kodi ma ready mu archive_status apitirira, tinene, 50? Chimodzi chikalakwika kakutumizireni uthenga. Vuto la lero linayamba tsiku lomwe diski inazulidwa, log inakhala ikulira mwezi wathunthu popanda woiwerenga. Mapulogalamu oyang'anira ma seva monga Zabbix ndi Prometheus ndi abwino, koma pa seva imodzi mizere khumi ya bash ikwana.

NaBanda_Dev 12:06
Kungoti kascript kali pa seva yomweyo sikangakuuzeni kuti seva yazima. Pakhale china kunja chomwe chizigogoda tsamba la login.

Jere_Mzuzu 12:09
Ndipo lero lomwe mutenge base backup yatsopano, kenako muyese kubwezeretsa dump pa kompyuta ina ndi `pg_restore`. Mudziwiretu kuti zimatenga nthawi yaitali bwanji, bwana akadzafunsa muli ndi yankho.

Mphwanga_Sudo 12:10
Agogo kascript kameneko mutigawireko, ine bash imandivuta pa ma if

Gogo_Root 12:14
Ulembe wekha utumize pano, tikukonzera. Yambira pa `pg_isready -q || echo yagwa`.

Nachisale, chinanso cha m'tsogolo. PostgreSQL iliyonse imathandizidwa zaka zisanu, ndipo ya 14 nthawi yake ikutha mu Novembala 2026. Muyambe kuuza akuluakulu anu. Pa Ubuntu pali `pg_upgradecluster`, koma muone kaye kuti DHIS2 yanu ndi PostGIS (choonjezera cha mapu pa PostgreSQL) zikugwirizana ndi version yomwe mukupitako.

Nachisale 12:21
Ndalemba zonse agogo. fstab ndakonza, ndayesa ndi `sudo mount -a` sinadandaule. pg_basebackup ndiyambitsa 5 koloko mu tmux. A Jere, ndikafika pa pg_restore ndikufunsani za PostGIS, chifukwa pa laputopu yanga palibe.

Jere_Mzuzu 12:23
`sudo apt install postgresql-14-postgis-3` musanayambe restore. Mukaona ma error a owner, ndiye kuti simunalowetse kaye fayilo ya `pg_dumpall -g` ija.